Ophika tili nawo, chosowa ndi nkhokwe ya pakati

Ku sukulu ya mkombaphala ya kwathu, kumtunda kwa Khombedza, chimene chimaitana ana m'mawa ndi utsi. Mayi akatuluka m'nyumba amayamba waponya maso kuseri kwa tchalitchi komwe kuli kakhitchini kathu ka udzu. Utsi ukamafuka amamusambitsa mwana msangamsanga, kumupatsa kapu yake, n'kumuuza atsatire anzake. Kukakhala zii, mwanayo amatsala pakhomo ndi agogo ake kapena amapita naye kumunda ali kumbuyo. Alezi akhoza kukonza nyimbo zabwino chotani, makadi a zilembo ali mbwee pamkeka, koma popanda phala kalasi imatsala ya ana asanu.

Ine ndine mlembi wa komiti ya sukuluyi, choncho kaundula wa ana ndi buku la zosonkha zimakhala kwa ine. Mabuku awiriwa ukawaika pamodzi amafotokoza nkhani imodzi chaka chilichonse. Mu Meyi, Juni ndi Julayi makolo amasonkha mosanyinyirika: uyu ndowa ya chimanga, uyu kambale ka soya, wina mtedza woti tisinje nsinjiro. Pofika Okutobala ndowa zija zasanduka timbale. Mu Disembala tikuyenda khomo ndi khomo. Januwale ndi Febuluwale tsamba la zosonkha limakhala loyera, ndipo la mayina a ana limayera nalo limodzi. Vuto lake n'loonekeratu: mphika wathu umadalira nkhokwe za mabanja omwewo amene ana awo tikufuna kuwadyetsa. Banja likayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndiye nthawi imene mwana akufunika phala koposa, komanso ndiye nthawi imene banjalo silingasonkhe kanthu.

Sukulu zamtunduwu m'Malawi muno zilipo zoposa 10,000, ndipo zambiri zimayenda ndi anthu ongodzipereka. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ana amenewo ndi omwewa a makapu apulasitiki m'manja.

Anthu ophika sasowa. Kuno ku Salima muli alezi omwe amadzuka mbandakucha kukatunga madzi a phala la ana a eni, osalandira kanthu. Muli amayi a Chigwirizano ndi a Dorika omwe amayendera okalamba ndi odwala, muli miphakati ya Akatolika, muli mizikiti yomwe m'mwezi wa Ramadan imaphikira anthu ofutulu osafunsa kuti wachokera kuti. Aliyense wa amenewa amadziwa nyumba yomwe moto sunayake dzulo. Amadziwa agogo amene akulera zidzukulu zinayi, amadziwa bambo amene akumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu. Chidziwitso chimenechi palibe ofesi ya ku Lilongwe ingachigule. Chimene alibe ndi malo amodzi odalirika kumene angapite tsiku lodziwika n'kukatenga ufa.

Malo otero maiko ena alipo, amawatcha mabanki a chakudya, ndipo chiyambi chake n'chosachititsa mantha ngakhale kwa ife a kumudzi. Mu mzinda wa Phoenix, ku Arizona m'dziko la America, munali bambo wina dzina lake John van Hengel amene ankathandiza pa khitchini ina yophikira osowa. Anapeza kagalimoto kakale konyamulira mkaka n'kumayenda nako kutola malalanje ndi zipatso zina zomwe zinkangowolera m'minda ndi m'mayadi a anthu. Zotolazo zinachuluka kuposa zomwe khitchini imodzi ikanatha, ndiye anayamba kugawirako makhitchini ena. Kenaka anakumana ndi mayi wina wa ana ambiri amene ankadyetsa banja lake ndi zakudya zotayidwa kuseri kwa masitolo, zabwinobwino, zongophwanyika pachikuto kapena zotsala pang'ono kutha masiku. Mu 1967 mpingo wa St. Mary's unamupatsa nyumba yomwe kale inali bekale, ndipo St. Mary's Food Bank inayamba pamenepo. Chaka choyamba anagawa mapaundi oposa 250,000 a chakudya kwa mabungwe 36. Kuwerengera mwa kwathu, amenewo ndi matumba a makilogalamu 50 oposa 2,200.

Chomwe ndimachikonda pa nkhaniyi n'chakuti mkuluyu sanatsegule khitchini ina yopikisana ndi zomwe zinalipo. Anadziika pakati. Mbali iyi kuli sitolo, fakitale ndi mlimi amene ali ndi katundu wambiri nthawi imodzi ndipo akufuna wina abwere ndi galimoto lero lomwe adzachotse. Mbali inayo kuli timagulu tating'onoting'ono tomwe tikufuna pang'ono pokha, koma sabata iliyonse. Fakitale singayimbire foni matchalitchi 36 kuti aliyense adzatenge makatoni khumi. Tchalitchi chimodzinso sichingalandire lole yathunthu ya yogati, chingaisunge kuti? Nyumba ya pakati ija imalandira zochulukazo, kuzipima, kuzisankha, kuzisunga, n'kuzigawa m'miyeso yomwe mphika umodzi ungakwanitse.

Lero ku America mabanki otere pafupifupi 200 ali mu mgwirizano wa Feeding America, womwe unayamba ndi dzina lakuti Second Harvest m'zaka za m'ma 1970 n'kusintha dzina mu 2008, ndipo amapereka chakudya ku malo ogawira ndi ophikira okwana pafupifupi 60,000. Ku France banki yoyamba inatsegulidwa ku Paris mu 1984, ndipo mu 2016 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa masitolo akuluakulu kutaya kapena kuwononga chakudya chomwe chikadali chodyeka. America nayo inakonza lamulo mu 1996 loteteza wopereka chakudya ndi mtima wabwino kuti asaimbidwe mlandu wina akadwala nacho, pokhapokha ngati panali kusasamala koonekeratu. Malamulo amenewa ndi amene anamasula manja a eni masitolo.

Koma mbali yomwe imandigwira mtima, mwina chifukwa ndine mlembi, ndi ya mapepala. Gulu lofuna kumalandira chakudya silingofika n'kutambasula manja. Limalembetsa, n'kusainira pangano. Panganolo limanena kuti chakudyacho sichigulitsidwa, sichisinthanitsidwa ndi ntchito, ndipo munthu sakakamizidwa kulowa m'pemphero kuti adye. A ku banki amabwera kudzaona kumene muzisungira: kodi matumba ali pamwamba kapena akhudza pansi, kodi makoswe amalowa, kodi filiji ikuzizira mokwanira, ndipo pali pepala lolembapo kazizidwe kake tsiku ndi tsiku? Mwezi ukatha gulu limatumiza lipoti la anthu omwe ladyetsa. Malo ambiri gulu limaona pa kompyuta zomwe zilipo sabata imeneyo, n'kusankha, n'kupatsidwa tsiku ndi ola lokatenga. Ena amalipiritsa kandalama kochepa pa kulemera kwa katundu kothandizira mafuta a galimoto ndi magetsi a mafiliji, ena anasiya kulipiritsa. Gulu likaphwanya pangano limaimitsidwa. M'nyumba yosungiramo lamulo n'lakuti chomwe chitha masiku msanga ndicho chituluke poyamba.

Palibe chokoma kujambula pa ntchito imeneyi. Ndi sikelo, mashelefu ndi siginecha.

Achemwali anga ali ku Cape Town, amaphika pa sukulu ya ana aang'ono m'dera lina la anthu osauka. Sukulu yawo ili m'gulu la mabungwe omwe amalandira chakudya kudzera ku banki ya chakudya. Ku South Africa kuli bungwe lalikulu la FoodForward SA, lomwe linayamba mu 2009, limatenga zotsala m'masitolo, m'mafakitale ndi m'mafamu n'kugawira mabungwe oposa 2,000, ambiri mwa iwo sukulu za ana ngati yathuyi. Tsiku lina tikucheza pa WhatsApp ndinawafunsa kuti chimawasangalatsa n'chiyani, poganiza kuti atchula nyama kapena zipatso za m'makatoni.

“Achimwene, zakudyazo zimasinthasintha,” anatero. “Mwezi wina kabichi wambiri mpaka ana kutopa naye, mwezi wina maungu okhaokha. Koma tsiku lake silisintha. Ine ndikamagona Lamlungu ndimadziwa kuti sabata ino ndiphika chiyani. Inu kumeneko mumadziwa?”

Ndinangoseka. Ife Lamlungu timadziwa kuti mawa tikafunse kwa a Tcheya ngati wina wabweretsa kanthu.

Komabe ndikukayika ngati tingangotenga za ku Phoenix kapena ku Cape Town n'kuzidzala pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mabanki a kumeneko amakhalira zotaya za masitolo akuluakulu. Kuno golosale sitaya kanthu. Buledi wa dzulo amagulitsidwa lero, akatsalanso amadya a pakhomo. Tomato wophwanyika pamsika ali ndi mtengo wake ndi kasitomala wake. Madeya, omwe kwina amati n'chakudya cha nkhumba, mu Febuluwale anthu amawalimbirana pachigayo. Munthu atatsegula nyumba pa boma kuti azitolera zotsala za m'mashopu a ku Salima, angadzaze wilibala imodzi pa sabata, mwinanso ayi.

Zotsala zathu zili kwina. Zili pansi pa mitengo ya mango mu Novembala ndi Disembala. Aliyense amene anayendapo mumsewu wa M5 kapena wochokera ku Lilongwe nyengo imeneyo anaona milu ya mango m'mbali mwa msewu, ndowa yathunthu pa mtengo wa sopo, ndipo kuseri kwa miluyo ena ataunjikana akuwola, ntchentche zili ng'waa. Kampani ya Malawi Mangoes ili konkuno ku Salima, koma mango athu a m'midzi ndi ochuluka kuposa omwe fakitale iliyonse ingagule. Zili pa thandala m'madoko a ku Senga Bay ndi Chipoka nthawi ya mvula, usipa ukagwidwa wambiri dzuwa n'kukana kutuluka, umayamba kununkha asodzi akuyang'ana. Zili m'zigayo za mpunga za ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota, komwe misere imagulitsidwa motchipa pamene phala lake ana amalikonda. Zonsezi n'zakudya, koma zambiri zimafuna kuumitsa kapena kukonza tsiku lomwelo, ndipo mpamene nzeru ya nyumba ya pakati imayamba kufuna ndalama. Mango osenda n'kuyanika bwino amakhala miyezi. Funso n'lakuti ayanike ndani, pa chiyani, ndipo amulipire ndani munthuyo pamene aliyense ali kalikiliki kubzala.

Chotsala chachikulu koposa ndi chimanga cha mu Epulo ndi Meyi. Sichiwola, chimachoka. Mavenda amafika ndi masikelo awo mpaka pakhomo, mlimi ali ndi ngongole ya feteleza, fizi ya mwana wa ku sekondale ndi katapila amene anatenga mu Januwale, ndiye amagulitsa pa mtengo wolira. Malole amanyamula kupita ku tauni. Miyezi isanu ndi itatu ikadutsa chimanga chomwecho chimabwerera pa msika wa Khombedza kapena Thavite, mtengo utakwera kawiri kapena kuposa, mlimi yemwe uja n'kumagula pa kambale ndi ndalama ya ganyu. Choncho banki ya chakudya ya kuno ntchito yake yaikulu ingakhale kunyamula chakudya kuchichotsa mu Meyi kukachifikitsa mu Febuluwale. Ku America amalimbana ndi mtunda wa pakati pa sitolo ndi khitchini, ife tikulimbana ndi miyezi.

Ndinakhalapo pansi ndi cholembera. Pa sukulu yathu ana akabwera 60, thumba limodzi la ufa wosakaniza mgaiwa ndi soya limatha masabata awiri. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, kuchotsapo tchuthi, ndi masabata ngati 16. Amenewo ndi matumba 8. Sukulu khumi za m'dera limodzi ndi matumba 80, matani anayi basi, katundu wa lole imodzi yaing'ono. Nditamaliza kuwerengera ndinakhumudwa kuposa poyamba, chifukwa chinthu chomwe chimatitsekera sukulu chaka ndi chaka n'chochepa chonchi. Venda mmodzi wa pa Kamuzu Road amagula zoposa pamenepa tsiku limodzi la msika.

Wina anena kuti boma lili kale ndi nkhokwe zake. N'zoona. National Food Reserve Agency inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imasunga chimanga cha dziko m'nkhokwe zazikulu za ku Kanengo ndi malo ena. Chaka chilichonse komiti ya MVAC imawerengera anthu omwe asowe chakudya, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, pamodzi ndi mabungwe monga WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, imagawa thumba la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi, kapena ndalama. Mvula itavuta chifukwa cha El Niño, mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo chiwerengero cha ofunika thandizo chinafika 5.7 miliyoni. Ntchito ya msinkhu umenewo palibe tchalitchi kapena komiti ingaisenze, ndipo sindikuti ilowedwe m'malo. Koma thumba limenelo limapita ku banja lomwe dzina lake lili pa mndandanda. Mphika wa mkombaphala suli pa mndandanda wa aliyense. Ndipo tonse timadziwa zomwe zimachitika thumba likafika m'mudzi: limagawidwa pa mbale kwa abale ndi anansi omwe sanalembedwe, pofika sabata yachiwiri latha.

Akuluakulu a kuno sanaiwalenso 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani pafupifupi 167,000, chinali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana kuti wolakwa anali ndani. Salima linali limodzi mwa maboma omwe anavutika koposa, ndipo kafukufuku wa bungwe la Save the Children kuno ndi ku Mchinji ndi amene anathandiza kuliza belu boma lisanavomere. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho, anthu atayamba kale kufa. Amene anadya mizu ya nthochi ndi madeya osakaniza utuchi chaka chimenecho mukawauza kuti chakudya chili ku Kanengo, amakuyang'anani kaye. Amafuna thumba lomwe angaliyendere wapansi n'kukaligwira.

Chitsanzo choti ophika a m'mudzi akapatsidwa ufa mokhazikika ntchito imayenda tili nacho kale. Mary's Meals inayamba m'Malawi muno mu 2002 ndi ana 200, lero ikudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko lino. Bungwelo limabweretsa ufa wa likuni phala, koma amene amadzuka usiku kukoleza moto ndi kutakasa ndi makolo a m'deralo. Sukulu za pulayimale zina za kuno ku Salima zakhala zikulandira ndalama kudzera ku WFP n'kumagula chakudya kwa magulu a alimi oyandikana nazo. Njira zonsezi zikuyenda, kungoti sizifika paliponse, ndipo timagulu tating'ono ngati tathu timatsala m'mipata.

M'mipatamo mumalowa anthu akufuna kwabwino, ndipo apa ndilankhule mosabisa. Chaka china kunabwera gulu lina la ku tauni ndi galimoto ziwiri, mu Juni, nkhokwe za makolo zili zodzaza. Anatsitsa matumba a ufa, makatoni a mabisiketi ndi juwisi. Ana anaikidwa pamzere, aliyense kunyamula paketi pachifuwa, zithunzi zinajambulidwa, a mfumu anathokoza, alendo n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Titatsegula matumba madzulo tinapeza ena ufa wake wayamba kale kuwawa, anankafumbwe akuyenda pamsoko. Mabisiketi anali otsala masabata atatu kuti athe masiku. Mayi wina wa komiti, wachikulire, anatapa ufawo pachikhatho, kununkhiza, n'kuupukutira pa chitenje.

“A Mlembi, lembani kuti talandira,” anatero. “Koma musalembe kuti tidya mpaka liti.”

Tinaphika wabwinowo mothamanga, kawiri pa tsiku, kuti usawonongeke. Wina tinagawira makolo. Pofika Ogasiti munalibe kanthu, ndipo chaka chimenecho makolo anasonkha mochepa chifukwa anamva kuti sukulu yapeza mabwana. Januwale tinatseka ngati kale. Anthu aja sanali oipa mtima. Analibe wowauza kuti bweretsani chimanga chosagaya m'malo mwa ufa, perekani kwa wosunga, ndipo chituluke mu Disembala. Ufa wa mgaiwa kuno kotentha sukhalitsa. Nyumba ya pakati ikanakhalapo, mphatso yomweyo ikanadyetsa ana mwezi wa njala.

Zoterezi zinaonekanso madzi atasefukira ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, kumapeto kwa Febuluwale 2024, anthu zikwizikwi n'kuthawira m'misasa. Pa ngozi yotere Amalawi timapereka ndithu: mipingo, makampani, magulu a pa Facebook. Koma thandizo la chifundo limathamangira komwe kuli makamera ndi komwe galimoto ingafike, ndipo limabwera lambiri masabata oyamba. Miyezi itatu ikadutsa, madzi ataphwa, minda itakokoloka, anthu ali ndi njala yeniyeni, magalimoto aja sakuonekanso.

Tsono tinene kuti tayamba yathu, ya dera limodzi. Mavuto ake ndikuwaona, ndipo loyamba ndi kiyi. Nkhokwe za m'mudzi mabungwe anaziyesapo malo ambiri, zina zikuyenda, zambiri zinafa, ndipo ukafunsa chomwe chinapha umamva nkhani imodzimodzi: wina anabwereka matumba awiri pa maliro, wina pa chinkhoswe, a komiti anadzipatsa kangachepe ka thukuta, pofika Disembala m'nyumba muli matumba opanda kanthu ndi udani. Munthu amene wasunga kiyi wa chimanga mu Febuluwale, mlongo wake akugona ndi njala, ali pa mayeso omwe ine sindingafune kuikidwapo. Apa amayi a banki m'khonde anatiphunzitsa kale: bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Chitseko cha nkhokwe chikhale chotero. Kiyi mmodzi kwa mayi wa mkombaphala, wina ku mzikiti, wina ku tchalitchi. Ndipo nkhokweyo isamapereke kwa munthu payekha, ngakhale a Gulupu amene, koma kwa mphika wolembetsedwa wokha, pa tsiku lake, mosainira. Lamulo limeneli limaoneka louma mtima, koma limateteza wosunga kiyi. Akhoza kuyankha mlamu wake kuti si ine ndikukana, ndi buku.

Lachiwiri ndi kasungidwe. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chuku cha chimanga ndi mtedza chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana omwe tikuti tikuwathandizawo. Kuphika sikumuchotsa. Ndiye pakhomo la nkhokwe payenera kukhala munthu wolimba mtima wokana mphatso, woti anene kuti zikomo bambo, koma ichi bwererani nacho mukayanikenso. Kwathu kuno kukana mphatso n'kutukwana, ndipo ndikudziwa kuti mawu amenewa adzadula ubale wina. Matumba a PICS, aja a mapepala awiri apulasitiki mkati, amapha anankafumbwe popanda mankhwala chifukwa mpweya sulowa, ndipo akasamalidwa amagwira ntchito zaka zingapo. Koma amagulidwa. Mathabwa oikapo matumba amagulidwa. Chigayo chimalipidwa, wakabaza kapena wangolo wonyamula thumba kupita ku sukulu ya kutsidya kwa mtsinje nthawi ya matope amalipidwa. Anthu opereka amakonda kugula chakudya chooneka, safuna kumva za loko ndi mafuta. Mabanki a chakudya kulikonse amalira ndi zomwezi, n'chifukwa chake ena amalipiritsa magulu kandalama kochepa kaja.

Lachitatu ndi ndale. Chaka cha chisankho adzabwera wina ndi matumba 50 n'kupempha kuti pakhoma palembedwe dzina lake, ndipo sukulu za kwa amene sanamuvotere zidikire. Pa ichi ndilibe nzeru ina kupatula pangano lolembedwa lomwe linawerengedwa pagulu iye asanabwere.

Palinso chidzudzulo chomwe anthu a maiko omwe mabankiwa anakhazikika amanena, ndipo n'chomveka. Ku Britain bungwe la Trussell Trust, lomwe limagawa mwachindunji kwa mabanja, linapereka maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni m'chaka cha 2023 mpaka 2024, m'dziko lolemera chotero. Ambiri kumeneko amati chinthu chomwe chinayamba ngati chothandizira pa ngozi chasanduka chokhazikika, ndipo boma limapumirapo m'malo mokonza malipiro ndi thandizo la osauka. Kunonso zikhoza kutero: khonsolo n'kumati a ku Khombedza aja akudzithandiza okha, tiyeni tione kwina. Ine ndimaona kuti mantha amenewa asatiletse, chifukwa pakadali pano palibe chomwe khonsolo ikutipatsa chomwe ingatilande. Ndipo komiti yokhala ndi buku loonetsa ana angati anadya, matumba angati analowa ndi kutuluka, imalankhula ndi a zachisamaliro cha anthu pa boma molimba mtima kuposa komiti yongopita kukadandaula.

Nkhaniyi ndinaitula pa msonkhano wa makomiti a sukulu zinayi zoyandikana, a Gulupu ali pompo, a Shehe ndi akulu a mpingo awiri ataitanidwa. Pa za kusonkha panalibe mkangano. Mipingo imasonkhetsa kale za masika, Asilamu ali ndi zakaat ya zokolola, ndipo mkulu wina anati kupatsa n'kuika, anthu n'kuvomera. A Shehe anati mzikiti uli ndi kachipinda ka simenti kokhala ndi chitseko chachitsulo. Mkulu wa mpingo wina anayankha mwaulemu kuti nawonso ali nako, ndipo Akhristu ena sangamasuke kukasiya chimanga chawo kumeneko. A Shehe anati nawonso anthu awo angafunse chimodzimodzi. A Gulupu anati ndiye chikhale kwawo, ndipo panadutsa kanthawi aliyense akuyang'ana pansi.

Anadula ndi mayi wina mlezi wa sukulu ya kutsidya, amene anali asanalankhule chiyambire.

“Pepani a Gulupu, ine funso langa ndi lina. Kulikonse komwe musungeko, ine ndizibwera tsiku lanji? Ndipo mtsinje ukadzaza, thumba langa liwoloka bwanji? Chifukwa ngati n'kudikira madzi aphwe, kuli bwino gawo lathu mutipatsiretu mu Novembala tisunge tokha.”

Ena anati akapatsidwiratu lidzatha Khirisimasi isanafike. Iye anati ndiye mugule loko wachinayi. Tinagwirizana kuti sukulu iliyonse ibweretse chiwerengero cha ana ake ndi mtengo wa chigayo cha kufupi nayo, ndipo ine ndikafunse pa boma mtengo wa matumba a PICS 40 ndi sikelo yopachika. Za chipinda tinaziimika kaye mpaka a Shehe ndi akulu a mpingo akakambirane ndi anthu awo. Tikumananso chimanga chikayamba kuuma m'munda, mavenda asanafike ndi masikelo awo.